Kashopu ka makomiki ku Old Town: ma trade alipo ndithu, koma voliyumu 2 mukaisake nokha

Kwa amene mumakonda makomiki muno mu Lilongwe ndipo mwatopa ndi kufinya maso pa foni, ku Old Town kuli kashopu kamene ndikufuna ndikuuzeni, zabwino zake ndi zonyansa zake zomwe. Kali mbali ya ku Area 3 mukawoloka mlatho kuchokera ku depoti, pa mzere wa timashopu ta fotokope, ndipo mukangoyang'anira panja simungaganize kuti muli kanthu chifukwa kutsogolo kwadzaza ma past paper a MSCE, mabaibulo, mahadikava ndi manovelo achikondi aja a mapepala achikasu. Lowani mpaka kumapeto, pambali pa mashini a fotokope pali mashelefu awiri a makomiki okhaokha. Osati timagazini tija ta mapini ayi, koma mabuku enieni okhala ndi msana, amene eni ake amati trade paperback, ife timangoti ma trade basi.

Mwina ena simukudziwa kusiyana kwake. Ku America komiki imatuluka mwezi ndi mwezi, kamagazini kopyapyala ka masamba a nkhani 20 ndi pang'ono, komangidwa ndi mapini awiri, masiku ano mtengo wake $3.99 kapena $4.99. Nkhani imodzi kuti ithe imatenga timagazini 5 kapena 6, ndiye ikatha kampani imasonkhanitsa tonse nkupanga buku limodzi la chikuto chofewa, trade ndi imeneyo. Zili ngati ufa wa walkman ndi thumba lonse, wa walkman uja umagula lero kudya lero, mawa ukasowa wagona nayo, ukamadzawerengera pakutha pa mwezi wawononga ndalama zambiri kuposa wogula thumba.

Ma single, timagazini ta mapini tija, nawo alipo pashopupa, ali mu katoni pansi pa tebulo, K1,000 iliyonse, koma ndikuuzeni zoona musataye nthawi yanu. Mukapisa dzanja mutola Spider-Man nambala 14, yotsatira ndi X-Men nambala 31 ya chaka china, kenako ina yopanda chikuto, mapini achita dzimbiri mpaka kudetsa pepala pakati, theka la masamba ndi malonda a magemu a vidiyo amene anatha kalekale. Mumawerenga munthu akugwa kuchokera pamwamba pa nyumba ndiye tsamba lomaliza likuti zipitirira mwezi wamawa, mwezi wamawa wake wa 1994. Tinakula choncho ambiri a ife, kudziwa pakati pa nkhani osadziwa chiyambi kapena mathero, ndipo nchifukwa chake ndimati makomiki muno anafika zenizeni pamene ma trade anayamba kupezeka, zinazo zinali zonunkhiza chabe.

Ndipo pali chifukwa chimene ma trade amafikira kuno pomwe ma single safika bwino. Trade ili ndi msana, ili ndi nambala ya ISBN kumbuyo, ndiye imayenda njira ya mabuku ena onse, imalowa m'mabukushopu wamba, imalowa mu laibulale, ikakalamba imapita ku mashopu a zachifundo a ku England, ikapanda kugulidwa imalowa mu kontena limodzi ndi madikishonale ndi mabuku ophikira, mapeto ake Old Town. Black Panther imene ndinagula pano, ija analemba Ta-Nehisi Coates mu 2016, ili ndi chidindo cha laibulale ya ku England patsamba loyamba ndi kapepala ka madeti obwezera kadakali kommatidwa mkati, munthu womaliza anaibwereka mu 2019. Ili ndi ma issue, kutanthauza timagazini tija, anayi oyamba ndipo kumapeto anaikamo Fantastic Four nambala 52 ya 1966 imene Black Panther anaonekera koyamba, chinthu choti single yake yeniyeni ya nthawi imeneyo sindingailote nkomwe. Kamagazini ka mapini kalibe mwayi woyenda ulendo ngati umenewu, kamangothera mu bin kapena mu pulasitiki ya munthu wosunga.

Mwini shopuyi ndi mkulu wodekha, wosalankhulalankhula, koma katundu wake amamudziwa, si uja wongogulitsa mapepala pa kilo. Mukamuuza kuti mwana wanu ali ndi zaka 9 amakutulutsirani Dog Man kapena Bone, mukati mukufuna zolemera amakupatsani Watchmen nkukuchenjezani kuti iyi musaisiye pa tebulo la pabalaza. Katundu amabwera njira ziwiri, wakale wa m'makatoni uja, ndi watsopano amene amaoda ku Johannesburg kudzera kwa m'bale wake amene amabwera pa basi. Akale amayambira K8,000 kufika K15,000 kutengera kunenepa kwake ndi mmene akuonekera, atsopano ndiye gwirani mtima, K45,000 kupita mmwamba, ndipo mumalipira theka kaye pa Airtel Money kapena Mpamba. Sindimunena kwambiri pa mtengo wa atsopanowo chifukwa tonse tikudziwa zimene zinachitikira kwacha mu Novembala 2023 itatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo ma rand sawapeza ku banki ayi.

Watchmen ija ndiye buku loti ndiyimepo pang'ono chifukwa nkhani yonse ya ma trade imazungulira pamenepo. Inatuluka ngati ma single 12 kuyambira 1986 mpaka 1987, kampani ya DC nkuisonkhanitsa kukhala buku limodzi mu 1987. Nthawi yomweyo kunali The Dark Knight Returns ya Frank Miller ya 1986, ndi Maus ya Art Spiegelman imene voliyumu yake yoyamba inatulukanso 1986 ndipo inadzapata mphoto ya Pulitzer mu 1992. Mabuku atatu amenewa ndi amene anaonetsa makampani kuti komiki itha kukhala pa shelefu zaka ndi zaka nkumagulidwabe, pomwe kale komiki inali ngati nyuzipepa, ya mwezi uno ikatha yatha. Ndiye tamvani izi, Alan Moore ndi Dave Gibbons amene anapanga Watchmen anasaina kontirakiti yoti umwini wa nkhaniyi udzabwerera kwa iwo bukulo likadzasiya kusindikizidwa, chinthu chimene nthawi imeneyo chinali chachidziwikire kuti chichitika posachedwa chifukwa makomiki sankakhalitsa. Koma trade inagulidwa osasiya, DC sinasiye kusindikiza mpaka lero, umwini sunabwerere, Moore anakwiya nkusiyana nayo kampaniyo. Buku limene ndagula K12,000 pafupi ndi mashini a fotokope ndi lomwelo linadanitsa anthu amenewa, chifukwa chongokana kufa.

Pakati apo bizinesi ya ma single inadzipweteka yokha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anthu ku America ankagula makomiki osati kuti awerenge koma kuti asunge adzagulitse modula, makampani nawo nkumatulutsa komiki imodzi ndi zikuto zosiyanasiyana kuti munthu agule kasanu. X-Men nambala 1 ya 1991 inagulitsidwa makope oposa 8 miliyoni, tangoganizani, chinthu chili ndi aliyense chingadzakwere mtengo bwanji. Anthu atazindikira anasiya kugula, mashopu a makomiki ambirimbiri anatsekedwa, kampani ya Marvel yeniyeniyo inakalengeza ku khothi kuti yagwa mu Disembala 1996. Zina mwa zinyalala za nthawi imeneyo ndi zimene zili mu katoni ya K1,000 ija, ndikaona zikuto zonyezimira ndimangoseka. Chimene chinathandiza kudzutsa bizinesiyi ndi mabuku, chifukwa buku limagulitsidwa kwa munthu amene sanalowepo mu shopu ya makomiki moyo wake wonse, ndipo filimu ikatuluka munthu amakafuna voliyumu 1 osati nambala 347. The Walking Dead ndi chitsanzo chabwino, inayamba 2003, itafika pa TV mu 2010 anthu anathamangira mabuku, makamaka chibuku chija cha Compendium chokhala ndi ma issue 48 m'chikuto chimodzi, masamba oposa 1,000. Pashopupa chilipo chimodzi, msana wake wapindika ngati uta, akuti K30,000, ndinachinyamula nkuchibwezera chifukwa kuwerenga chimenecho chogona ndi kudziswa mphuno.

Tsopano zondinyansa, ndipo choyamba ndi chachikulu. Mavoliyumu sakwanira. Mupeza 1, 3, 4 ndi 7, ina yonseyo kulibe, ndipo pazifukwa zimene sindizimvetsa imene imasowa kwambiri ndi 2. Ndinafunsa kuti achimwene, yachiwiri ili kuti, iwo akuti bwana, katoni sifunsa, chimene chabwera ndi chomwecho. Chabwino nzoona, koma vuto ndi loti samakuuza usanagule, amangokusiya utenge 1 ndi 3 uli wosangalala, ukazindikira kunyumba. Ukabwerera akuti tiode ku Joni, apo ndiye voliyumu imodzi yatsopano ikudya ndalama yoposa zakale zitatu kuphatikiza. Sindikunena kuti amachita dala koma zimawayendera bwino ndithu. Ndiye langizo langa ndi loti musanalipire tembenuzani buku muone kumbuyo kapena tsamba la mkati pamene amalemba kuti muli ma issue kuyambira nambala yakuti mpaka yakuti, ndipo ngati thumba ndi lopyapyala sankhani nkhani yothera m'buku limodzi.

Chachiwiri ndi kasamalidwe. Shelefu yapamwamba imawombedwa ndi dzuwa la masana kudzera pa windo, misana ya mabuku yafuwa moti yofiira yasanduka pinki, ndipo kutentha kwa mashini a fotokope kumaumitsa guluu. Trade siimangidwa ndi ulusi nthawi zambiri, ndi guluu chabe, ndiye ikauma ukatsegula kwambiri imalira kuti thwa, masamba apakati nkuyamba kuthothoka limodzilimodzi. Ina inandichitira zimenezi ndili mu minibasi ya ku Area 25, tsamba linauluka kukatera pa miyendo ya mayi ena amene analiyang'anitsitsa, pali munthu akudulidwa mutu, nkundibwezera osanena kanthu. Komanso amamata mtengo ndi masking tape pachikuto penipeni, ukamachotsa imachoka ndi nkhope ya munthu. Ndinawapempha kuti achimwene muzilemba ndi pensulo mkati, anavomera, koma tepi ikadalipo.

Chachitatu, mabuku a ana ndi a akulu ali pamodzi. Mwini wake akakhalapo palibe vuto chifukwa amakuuza, koma akachoka amasiya mnyamata wa fotokope amene kwa iye chilichonse chojambulidwa ndi katuni za ana. Ndinaona bambo ena atanyamula Saga kuti akapatse mwana wa sitandade 5 chifukwa pachikuto pali mayi wa mapiko atanyamula khanda, ndinachita kuwagwira dzanja kuti bambo, tatsegulani kaye muone. Saga ndi yabwino kwambiri, kampani ya Image inaitulutsa 2012 ndipo voliyumu yoyamba anaiika pa $9.99 dala kuti munthu alawe motchipa akodwe, koma si ya ana ngakhale pang'ono. Mnyamata yemweyo mitengo amatchula poyang'ana nsapato zako, ndiye pitani mwini wake alipo.

Shelefu yapansi ndi ya manga, makomiki a ku Japan, ndipo ndi imene imayenda kwambiri, ana a sekondale amadzaza pamenepo akaweruka, ena kuwerenga choimirira mpaka kuthamangitsidwa. Ku Japan nkhani yosonkhanitsayi anaiyamba kalekale, nkhani imatuluka kaye m'magazini onenepa a pepala lotchipa sabata ndi sabata kenako nkukhala timabuku ting'onoting'ono, ndipo ku France ndi Belgium ndi chimodzimodzi, Asterix anayamba mu magazini ya Pilote mu 1959 buku loyamba nkutuluka 1961. Aku America ndi amene anachedwa. Kampani ya Tokyopop itayamba mu 2002 kugulitsa manga osatembenuza, owerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere, pa $9.99, atsikana ndi anyamata amene Batman analibe naye ntchito anadzaza m'mabukushopu, ndipo mpaka pano DC ikuthamangira msika umenewo, mu 2024 inayamba timabuku tating'ono totchedwa Compact Comics pa mtengo womwewo wa $9.99. Titatu mwa timeneti tinafika pashopupa kudzera ku Joni ndipo tinatha sabata yomweyo, zilembo zake ndi zazing'ono koma kamalowa m'chikwama bwinobwino. Chenjezo lokha pa manga ndi loti ena akuoneka kuti ndi feki, inki yotuwa, pepala loonekera kuseri, zithunzi zodulidwa m'mphepete. Mwini shopu sabisa ukamufunsa, amati awa ndi otchipa aja, koma usafunse sanena.

Pali chinthu china chimene si vuto la shopu koma muchidziwe musanawononge ndalama, ma trade anasintha kalembedwe ka nkhani komwe. Olemba atadziwa kuti zonse zidzathera m'buku anayamba kulemba moyeza buku, nkhani iliyonse ma issue 6 kaya ikufunika kaya ayi. Chiyambi cha Spider-Man mu 1962 chinakwana masamba 11, kulumidwa ndi kangaude, kudzikonda, imfa ya Uncle Ben, zonse. Brian Michael Bendis atailembanso mu Ultimate Spider-Man mu 2000 inatenga ma issue 7. Ya Bendis ija ndi yabwino, ndilibe nayo mawu, umamudziwa Ben ngati munthu asanafe ndiye imfa yake imakupweteka. Koma ambiri amene anatengera kalembedwe kameneka alibe luso lake, umagula buku la K15,000 nkulimaliza usanafike pa Area 18, masamba anayi anthu akungoyang'anana, tsamba lathunthu ndi chitseko chikutseguka. Ndiye mukafika pashopupa musayese buku ndi kulemera, tsegulani pakati muone ngati muli zowerenga. Ma trade a nkhani zakale za m'ma 1970 ndi 1980 zojambula zake ena amati nzachikale koma amakusunga sabata yonse, pa ndalama yomweyo.

Kwawoko ku America amakangananso za anthu odikira trade, amene sagula ma single. Makampani ankayang'ana ma oda a ma single poweruza ngati nkhani ipitirire, ndiye ambiri akadikira buku nkhani yabwino imatha kudulidwa isanafike patali, odikira aja nkudzalandira voliyumu imodzi yokha yopanda mathero. Zoterezi zilipo zingapo pa shelefu yapamwamba, palembedwa voliyumu 1 koma yachiwiri sinapangidwe nkomwe, apa ndiye achimwene aja alibe mlandu. Ine mkangano umenewu ndimangouonerera chifukwa ife ogula buku lachitatu kuchokera kwa mwini wake woyamba palibe amatiwerenga, ndalama yanga sifika kwa wojambula ngakhale tambala, imathera pa lendi ya ku Old Town. Komabe mbali imene bizinesi yapendekera ikuoneka. Mu Epulo 2020 Covid itavuta, Diamond, kampani imene kwa zaka zoposa 20 inali pafupifupi yokhayo yogawa ma single m'mashopu, inaimitsa kutumiza katundu, DC inaisiya mu Juni chaka chomwecho, Marvel inasamukira ku Penguin Random House mu 2021, amene ndi anthu a mabuku, ndipo mu Januwale 2025 Diamond inakalengeza kugwa. Pomwe mabuku a ana ngati Dog Man, amene sanatulukepo ngati ma single nkomwe, akugulidwa kuposa ngwazi zonse zovala zothina zija.

Chimene chimandiwawa ndikaima pamashelefu awiriwa ndi choti palibe buku la Mmalawi ngakhale limodzi. Pali Kwezi wa Loyiso Mkize wa ku South Africa, wosonkhanitsidwa bwinobwino m'mabuku, mnyamata wa m'tauni wa mphamvu zodabwitsa wolankhula ngati anyamata a kwawo, ndipo anthu amamugula. Ife ojambula tili nawo, makatuni a m'nyuzipepa takhala tikuseka nawo kuyambira tili ana, ena akujambula zoopsa pa Facebook ndi Instagram, koma nyuzipepa ya dzulo imakulungidwa chipisi ndipo positi ya chaka chatha palibe amaipeza. Munthu atangotenga makatuni ake a zaka zisanu nkuwamanga buku limodzi la msana, ngakhale lakuda ndi loyera, likhoza kulowa mu National Library ku City Centre, m'masukulu, nkumagulidwabe patapita zaka. Ndikudziwa mapepala ndi inki zadula ndipo kusindikiza makope ochepa kumakweza mtengo wa lililonse, koma mwini shopu yemweyu anandiuza kuti atapatsidwa loterolo angaliike kutsogolo pamodzi ndi ma past paper.

Ndiye kodi mupiteko? Eya pitani, pa zisanu ndikupereka zitatu ndi theka, theka lina ladyedwa ndi tepi ija. Katundu watsopano amakonda kutsegula Loweruka m'mawa ndipo pofika masana zabwino zimakhala zitatengedwa ndi anthu omwewomwewo amene timadziwana nkhope koma osati maina. Tengani kashi chifukwa netiweki m'katimo imavuta, nenererani pa akale koma pa atsopano sachotsa, ndipo ukabweza buku limene unagula pomwepo lili bwino amakudulira theka pa lina, zimene sanalembe paliponse, umachita kufunsa. Za maoda a ku Joni akakuuzani masabata awiri inu muziwerengera mwezi ndi theka, ndipo mulembetse mtengo pa risiti tsiku lolipira theka lija chifukwa rand ikasuntha amafuna kukuwonjezerani pofika katundu.